Catalina yanga ya pepala yakhota ngati nthochi, ndalakwitsa pati?

Mlonda_wa_ku_Mufakose

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse ndisanaononge mapepala ena.

Ine ndimalondera usiku pa depoti ina ku Workington, kuno ku Harare. Ndikaweruka m'mawa ndimagona mpaka cha m'ma 1 koloko, kenaka masana onse ndimakhala ndekhandekha pakhomo, mayi a kunyumba ali kumsika, ana ali kusukulu. Ndi mmene ndinayambira zomata ndege za mapepala. Ndamangapo zitatu, Spitfire, Tiger Moth ndi DC-3, ndipo zili pamwamba pa kabati, alendo akabwera sindichita nazo manyazi. Ndiye mtima unakula, ndinati tsopano ndigwire Catalina, ija ya mateyala, PBY-5A, yotera pamadzi ndi pamtunda pomwe. Sikelo yake ndi 1:48. Ndege yeniyeniyo mapiko ake ndi mamita 31.7, kutanthauza kuti yangayi ikadzatha phiko lidzakhala masentimita 66, thupi 40 ndi kanthu. Tebulo lodyera layamba kale kuchepa, ndipo nkhaniyo yafika kale m'khoti la m'nyumba muno.

Vuto ndi ili: thupi lakhota. Ndikaliika pamaso ndi kuliyang'ana kuchokera kumphuno, mchira m'malo moti ubisale kumbuyo ukuloza ku Kambuzuma. Ndipo ili ndi thupi lachiwiri. Loyamba linakhotanso, mbali yomweyomweyo ya kumanzere, ndinangolipatsa mwana wanga wamng'ono kuti azisewera nalo.

Ndifotokoze mmene ndinachitira kuti muone pamene pali mfiti. Mapepala ndinakapulintitsa m'tauni, pa kashopu kena kufupi ndi pokwerera makombi pa Copacabana, pa pepala lokhuthala la 160 gsm, makina a laser. Nthiti za m'kati ndinazimata pa katoni ya bokosi la nsapato n'kuzidula ndi lezala. Zina zinkakana kulowa m'mipata yake pa msana, ndiye ndinazikankha ndi mphamvu pang'ono mpaka zinalowa. Guluu ndi woyera uja wa matabwa, ndimapaka ndi chala. Khungu la kunja ndinayamba mbali ya kumanzere, kuchokera kumphuno mpaka kumchira, tsiku limodzi, n'kuika pazenera kuti liume msanga ndi dzuwa ndisanapite kuntchito. Mawa lake ndinamata ya kumanja. Pofika kumchira mapepala sanakumane, panatsala mpata wolowa chikhadabo.

Zina ziwiri zazing'ono. Ndikapinda pepala pa mzere wakuthwa uja pomwe mimba ya ndege imakumana ndi mbali, utoto ukusweka, pakutuluka mzere woyera mbee. Ndipo phiko, ndangoliyesa osamata, nsonga zake zikuwerama ngati nkhuku yodwala chitopa.

Mwina mungadabwe kuti bwanji osangoisiya. Agogo anga aamuna anali a ku Chembe, ku Cape Maclear. Anabwera kuno kukadali Salisbury, n'kutchona, manda awo ali kuno. Nkhani imene sankatopa nayo inali ya ndege yaikulu imene inkatera panyanja kwawo ali mnyamata, akuti inkabwera ngati tsekwe, madzi n'kugawikana pakati, anthu n'kusiya makoka kukaonerera. Bambo anga anakula akumva zimenezo, koma kunyanjako anapitako kamodzi kokha. Mu Disembala akukwanitsa zaka 75 ndipo ndikufuna ndiwaikire ndegeyo m'manja. Ndiye funso lomaliza, kwa odziwa mbiri: kodi ndege imene agogo ankanena ndi Catalina yomweyi?

Kalipentala_Mabvuku

Mphwanga, mfiti wadzitchula wekha. Palibe cha pulani yolakwika apa.

Ndege zitatu zimene unamangazo thupi lake ndi paipi. Umakulunga pepala, chidutswa chilichonse chimadzigwira chokha, umalumikiza, basi. Catalina si paipi. Kuyambira pamzere wa madzi kutsika pansi ndi boti, ndipo uyenera kuimanga ngati boti. Ine ndili mnyamata ndinakhala zaka zitatu ku Monkey Bay kwa amalume anga amene ankakhoma maboti a matabwa. Sindinawaonepo akukhoma matabwa onse a mbali imodzi kenaka n'kupita mbali inayo. Thabwa limodzi kumanzere, mnzake kumanja, kumanzere, kumanja. Ukakhoma mbali imodzi yokha, thabwa lililonse limakokera msana kwake, ndipo botilo moyo wake wonse lizingofuna kuzungulira ngati galu wofuna pogona.

Pepala ndiye n'loposa thabwa. Guluu woyerayo ndi madzi. Ukapaka, pepala limamwa n'kufufuma. Likamauma limabwerera, ndipo pobwererapo limakoka chilichonse chimene lagwira. Iwe unanyowetsa mbali yonse ya kumanzere, ndi chala, guluu wambirimbiri, n'kukaiyanika padzuwa la Okutobala ngati usipa. Kumanja kunalibe chokana. Ukanadabwa chikanakhala chowongoka.

Chita chonchi. Peza galasi lakale la zenera kapena chidutswa cha thabwa la melamine chosapindika, ku Siyaso zidutswa zotere sizisowa. Mata pepala pamwamba pake, jambula mzere umodzi wowongoka ndi rula yachitsulo. Mzere umenewo ndiye bwana wako. Msana wa ndege ugone pamzerewo, ugwire ndi tepi kapena tizitsulo tolemera, ndipo usauchotsepo mpaka khungu la mimba litatha. Nthiti iliyonse uiimike ndi sikweya. Ngati ulibe yaing'ono, bokosi la machesi limachita.

Za kukankha nthiti ndi mphamvu zandipweteka mtima kwambiri. Ojambula mapulani amenewa nthawi zambiri amadula mipata ya katoni ya milimita imodzi. Ya bokosi lako la nsapato mwina ndi yonenepa kuposa apo. Nthiti ikalowa mokakamiza imapotoza msana pang'ono, pang'ono pomwe diso silingaone, koma nthiti khumi zikapotoza mbali imodzi ndi nthochi yako ija. Nthiti izilowa yokha ngati phazi mu nsapato yakale. Ikakana, kuza mpatawo ndi lezala. Katoni yabwino ndi yotuwa ija ya kumbuyo kwa kalendala kapena kwa buku la malisiti. Ukamata pepala la nthiti pakatoniyo, usadule tsiku lomwelo. Tsendereza ndi mabuku olemera usiku wonse.

Khungu uyambire pa sitepe, pansi pa mimba pomwe thupi limadukiza ngati khwerero. Pamenepo ndi pamene thupi lili lalikulu ndi lolimba. Kuchokera apo pita kutsogolo, awiriawiri, kenaka kumbuyo, awiriawiri. Ukayamba kumphuno, kakulakwa ka theka la milimita kamayenda nawe mpaka kumchira n'kukafika katabereka ana. Ukayamba pakati, ulendo wake ndi theka. Ndipo sitepeyo usaifafanize poganiza kuti ukukongoletsa, ikhale yakuthwa. Pa ndege yeniyeni ndi imene imalowetsa mpweya pansi pa mimba kuti madzi asiye kuyamwa thupi ikamanyamuka. Popanda iyo ndegeyo ikanangothamanga panyanja ngati boti la injini mpaka mafuta kutha.

Guluu uzitapa ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ukaona akutuluka m'mbali, wachulutsa. Tsiku limodzi zidutswa zinayi, zikachuluka zisanu ndi chimodzi, ziumire m'nyumba pamthunzi. Disembala ali kutali.

NaBanda_Telala_Highfield

Achimwene, ine ndege sindinamangepo, ndimangothandiza mwana wanga wa Fomu 2 amene zinamulowa m'magazi. Koma zimene anena madala a ku Mabvuku ndiwonjezerepo chimodzi chimene ife osoka timachidziwa.

Nsalu ili ndi njira yake. Ukadula siketi mopingasa ulusi, ingakhale yosokedwa bwino chotani, ikachapidwa imapotoka. Pepala n'chimodzimodzi, timaulusi take timagona mbali imodzi kuchokera kufakitale. Tengani pepala limodzi losalemba, mulipinde pang'ono osalithyola, poyamba m'litali kenaka m'lifupi. Mbali imodzi limavomera mofewa, mbali inayo limalimbalimba. Zidutswa zofunika kukulunga, monga kutsogolo kwa phiko ndi zophimba injini, zimakulungika bwino zikatsata mbali yofewayo. Mukapingasa, m'malo mozungulira bwino pamatuluka makwinya. Musanamate chidutswa chilichonse, chikulungeni kaye pa ndodo yozungulira muli pantchafu panu mpaka chikhale ndi maonekedwe ake chokha. Guluu ntchito yake n'kugwira, osati kukoka. Ifenso timasita kolala tisanaisoke.

Za utoto wosweka, ndi khalidwe la laser limenelo. Utoto wake sulowa m'pepala, umangokhala pamwamba ngati chikhokho cha nsima, ndiye mukapinda umang'aluka. Inkjet imalowa m'kati ndipo sisweka, koma dontho limodzi la madzi kapena chala cha thukuta, yathamanga. Sankhani matenda amene mungawapirire. Ife tinakhalira laser yomweyo chifukwa denga lathu silidalirika nthawi ya dzinja. Chimene timachita, tisanapinde timalemba mzerewo kumbuyo kwa pepala ndi bolopeni yotha inki, motsatira rula. Kuti mudziwe podutsa, boolani ndi singano kumapeto onse awiri a mzere, mutembenuze. Pakasweka ndithu, pensulo ya mtundu wofanana imabisa. M'mphepete monse modulamo muzipakanso, koma ndi mtundu wofuwirako pang'ono kuposa wa ndegeyo. Mukapaka wakuda, ndege imaoneka ngati yosokedwa ndi ulusi wolakwika.

Ndipo chonde musamagwiritse sizasi ya mayi a kunyumba yodulira nsalu. Ndikunena monga munthu amene zinamuchitikira.

Mphunzitsi_Wopuma_Tafara

Bambo a ku Mufakose, zomatamata ndasiyira amisiri. Ine ndiyankhe funso lanu lomaliza, ngakhale yankho lake mwina silikukondweretsani. Ndege imene agogo anu anaona ikutera ku Cape Maclear, ngati ndi ija yonyamula anthu imene inkabwera kawirikawiri, si Catalina. Ndi Short Solent ya kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC.

Mu 1948 BOAC inayamba kuyendetsa ma Solent kuchokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Popeza ku Johannesburg kulibe nyanja, ankatera pa Vaal Dam. Njira yonse inali yodumpha kuchokera pamadzi kupita pamadzi: Augusta ku Sicily, mtsinje wa Nile ku Egypt ndi ku Khartoum, Port Bell pa nyanja ya Victoria, ndiponso pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria Falls. Ulendo unkatenga masiku anayi ndi kanthu chifukwa usiku anthu ankagona m'mahotela. Cha kumapeto kwa 1949 anawonjezera Cape Maclear, ndipo mu Novembala 1950 BOAC inasiyiratu ndege za pamadzi, chifukwa mabwalo a pamtunda anali atachuluka ndipo ndege za mateyala zinkafika msanga. Ndiye chinthu chimene agogo anu anakamba moyo wawo wonse chinachitika kwa chaka chimodzi chokha. Ine zimenezo zimandikhudza.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. Solent inali ndi injini zinayi za Bristol Hercules, thupi lalitali la nyumba yosanja, phiko lomera pamsana penipeni. Catalina ili ndi injini ziwiri za Pratt & Whitney, ndipo phiko lake limakhala pamwamba pa chipilala, lotalikirana ndi thupi, ndi michirikizo iwiri mbali iliyonse. Chachikulu, Solent inalibe mateyala. Akafuna kuitulutsa m'madzi ankachita kuimangirira mateyala apadera n'kuikoka. Ndi boti louluka basi. Yanuyo Azungu amati amphibian, dzina lomwe amapatsa chule. Ngakhale ma Catalina sikuti onse anali otero. Yoyamba inauluka mu 1935 ilibe mateyala, ndipo chilembo A chili kumapeto kwa PBY-5A ndicho chikunena kuti iyi ndi ya pamadzi ndi pamtunda.

Koma musataye mtima n'kuiponya pamoto. Catalina ili ndi mbiri yake kuno kwathu. Inalipo ina yomangidwa ku Canada mu 1944 imene inalembetsedwa m'dziko muno la Zimbabwe ndi zilembo Z-CAT, inkanyamula alendo olemera pakati pa Egypt ndi Victoria Falls kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuyamba kwa m'ma 1990. Mu 1994 inapita ku New Zealand, kumene inapatsidwa zilembo ZK-PBY. Chodabwitsa, umodzi mwa ma Solent ochepa otsala padziko ulinso komweko, m'nyumba yosungira zakale ya MOTAT ku Auckland. Mitundu yonse iwiri inatchonera kumodzi.

Mukadzafuna ina ya mateyala yokhudza Africa, pali Sikorsky S-38 imene Martin ndi Osa Johnson anabwera nayo mu 1933 atailocha mizere ya mbidzi. Koma ili ndi michirikizo yambiri ngati nsanja yoyanikapo mbale, ndiye muyambe mwapuma.

Afunseni bambo anu ngati agogo ankatchula za injini zingati.

Chimwemwe_DZ

Madala, ine ndimagwira pa shopu yopulinta, ndiye funso langa ndi limodzi: masamba onse anatuluka pa 100%? Anyamata ambiri amasiya pa Fit to page, makina n'kuchepetsa tsamba lililonse mmene afunira. Tsamba la nthiti likachepa ndi 3% koma la khungu ayi, pa thupi la masentimita 40 mwataya sentimita yathunthu. Yezani ndi rula musanadule. Muziwauza kuti Actual size ndipo muime pomwepo mpaka atero.

Phiko lowerama ndi losavuta. Masentimita 66 pepala lokha silingathe. Ikani msana m'kati, katoni ziwiri zomatikiza zoimirira chammbali, pakati pake sipoko ya njinga. Phiko la Catalina pamwamba pake ndi lowongoka ndithu, ndiye muliumitse chogadama pagalasi lomwe anena amalume aja. Timaboti ta kunsonga kwa phiko kumbukirani kuti pa ndege yeniyeni timapindikira m'mwamba n'kusanduka nsonga ya phiko. Ngati mukuiimika pamateyala mutipinde, ntchito ichepe.

Musatseke mphuno musanaikemo cholemera! Ili ndi teyala la kutsogolo, ndiye popanda nati imodzi kapena ziwiri m'mphuno ikhalira mchira. Mawindo otukuka aja a m'mbali kumbuyo kwa phiko, ine ndinapanga ndi pulasitiki ya botolo, kuifewetsa pakandulo n'kuikanikiza pa kamtengo kosema. Ndinaononga zisanu ndi zitatu kuti ndipeze ziwiri.

Ndipo ine ndikanangothira superglue pa nthiti zonsezo, za kudikira usiku wonse n'zachikale.

Kalipentala_Mabvuku

Superglue pa mateyala ndi michirikizo, eya, amalimbitsa pepala ngati fupa. Pa nthiti ayi. Amagwira usanaone ngati chaima bwino, ndipo chikagwira chokhota chakhota mpaka kalekale. Komanso nthunzi yake imachititsa khungu mawindo ako a botolowo. Mwana iwe uli ndi changu ngati kondakitala.

Mlonda_wa_ku_Mufakose

Pepani ndinakhala zii, ndimafuna ndibwere ndi zoona osati malonjezo. Papita masabata awiri.

Amalume a ku Mabvuku, munalasa. Ndinayeza katoni ya nsapato ija pomatikiza zidutswa khumi, zinakwana mamilimita 15, ndiye chimodzi ndi milimita imodzi ndi theka. Mipata inali ya milimita imodzi. Ndinapita kukapempha makalendala akale kwa mlembi wa kumpingo, anandipatsa atatu akundiyang'ana modabwa. Galasi ndinachotsa pa kabati yomwe ija, chitseko chake chinali chothyoka kale, ngakhale m'khoti muja sanagwirizane nazo kuti chinali chothyoka mokwanira.

Achimwene a ku DZ, masamba anali bwino kupatula limodzi la mchira, limene ndinakapulintitsanso tsiku lina pamene loyamba linathimbirira ndi tiyi. Linali lochepa ndi mamilimita anayi. Mpata wa chikhadabo uja unachokera pamenepo. Tsopano ndimapita ndi rula m'thumba, mtsikana wa pashopupo akandiona amayamba kuseka ndisanalankhule.

Thupi lachitatu ndinayambira pa sitepe, awiriawiri, zidutswa zinayi patsiku. Kunena zoona kudikirako kunandivuta kuposa kulondera. Umamata kwa mphindi makumi awiri, kenaka manja akuyabwa, ulibe chochita. Ndinayamba kudula nthiti za phiko pa nthawi imeneyo kuti ndisagwire thupi. Lachisanu ndinalichotsa pagalasi, ndinayang'ana kuchokera kumphuno, mchira wabisala ndendende kumbuyo. Ndinaitana aneba kuti adzaone, iwo sanamvetse chimene akuona koma anayamikira. Chemwali a ku Highfield, bolopeni yakutha ija yagwira ntchito, mzere wa mimba watuluka wakuthwa, posweka ndi pawiri pokha ndipo pensulo yabisa. Za sizasi mwachedwa nazo.

Aphunzitsi, Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa bambo ndi foni, osawauza chifukwa chake. Ndinawaonetsa Catalina, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti yaonda. Ndinawaonetsa Solent, anandilanda foni. Akuti agogo ankati inali ndi mphepo zinayi kutsogolo ndi mawindo apamwamba ndi apansi, ndipo anthu ankatsikira m'kaboti kuti akafike kumtunda. Za mawindozo ine ndinali ndisanazimvepo. Anakamba mpaka nsima inazizira, mayi n'kumangotiyang'ana.

Ndiye Catalina ndiimaliza, ikhala yanga. Ya bambo iyenera kukhala Solent. Ndawerengera, mapiko ake ndi mamita 34 ndi kanthu, pa 1:72 ndi pafupifupi masentimita 48, tebulo lipuma. Mateyala palibe, nati palibe, koma injini zinayi ndi mapulopela anayi, ndipo kwatsala masabata asanu ndi awiri. Amene akudziwa kumene ndingapeze pulani yake ya pepala andiuze. Ndikaisowa ndayamba kuganiza zotenga ya Sunderland, popeza ndi za kampani imodzi ya Short ndipo n'zapachibale, n'kusintha mphuno, mchira ndi mawindo. Aphunzitsi mundiuze ngati kumeneko n'kunamiza nkhalamba.

Pakadali pano pali kena. Nati ija ndinaiika m'mphuno monga munanenera, ndinamata ndi guluu woyera, ndinatseka. Dzulo ponyamula ndamva gobede, kenaka gubudu gubudu mpaka kumchira. Guluu wa matabwa sagwira chitsulo, ndadziwa tsopano. Ndegeyo yakhala pansi ndi mchira, mphuno m'mwamba ngati ikudikira mvula. Kodi ndiboole pansi pomwe padzalowe teyala la kutsogolo, ndiigwedeze mpaka natiyo ibwerere, kapena ndidule pamwamba pomwe padzakhale chipilala cha phiko poti padzabisika?